Malisiti Okulungira Mtedza

Amuna ena akafuna kusonyeza mkazi kuti atsimikiza mtima, amabweretsa chitenje. Ena amanyamula chambo chachikulu kukapatsa apongozi. Germano anabweretsa apu ya pa foni.

Anafika ku Nkholongue pa njinga yake yamoto dzuwa lili paliwombo, napeza Flávia akuyanika chinangwa chovuwika pathandala, kuseri kwa nyumba ya mlongo wake. Kamwana kake, Dailes, kanathamanga kukamukumbatira miyendo.

"Papa! Papa!"

Sanali bambo wake. Bambo wake anali Vasco, woyendetsa shapa, minibasi ya ku Lichinga, amene anakana mimba isanaoneke n'komwe. Koma Dailes anadzisankhira yekha womutcha papa, ndipo palibe amene anamuletsa.

"Samba m'manja, ubweretse foni yako," anatero Germano. "Ndili ndi nkhani ziwiri. Yoyamba, amjomba anga a Hezekiya avomera. Mwezi ukamatha apita kwa apadiri kuti ayambe kulengeza ukwati wathu m'tchalitchi."

Flávia anangokhala pansi pomwepo, manja ali mbuu. Mawu amenewa anawadikira mpaka anasiya kuwadikira. Akwawo kwa Germano anali a ku mishoni, anthu oti agogo awo ankaliza belu ndi kutsogolera nyimbo. Iye anali mwana wa obwerera, amene anachokera ku Nkhotakota nkhondo itatha atasenza mphasa ndi mapoto. Sukulu anaisiyira panjira, ndipo kumsana anali ndi mwana wa mwini.

"Yachiwiri?"

"Yachiwiri ndi iyi." Germano anakandakanda pa foni yong'aluka pakona ija. "Banja la masiku ano limayamba ndi kudziwa kumene ndalama zikupita. Umu muli nzeru zochita kupanga. Ukagula chinthu, lisiti uziliyala pantchafu, ulijambule. Iyo iwerenga yokha kuti wagula chiyani, kuti, liti, kenako iziika m'magulu: zakudya, zamankhwala, zaulendo."

"Ngakhale lofufutika?"

"Ngakhale loti iwe ndi ine sitingaliwerenge. Maso ake ndi a nkhwazi. Ine ndikalipira ndi ndalama za pa foni imaona, koma siidziwa kuti ndagula chiyani mpaka ipeze lisiti lake. Ikalipeza imafunsa ngati iziphatikize."

"Nanga usipa wa pagombe uli ndi lisiti?"

Germano anaseka, namutsina tsaya. "Iwe ndi mafunso! Tiyamba ndi zimene zili ndi pepala. Ukajambula, pepalalo taya, lasanduka chinyalala. Tsopano taona apa. Ndatsegula nyumba, aitcha Casa. Dzina langa ili, lako ili. Nyumba yathu yoyamba ndi imeneyi, amor, wokondedwa wanga. Ya njerwa ikubwera m'mbuyo."

Flávia anayang'ana maina awiriwo ali moyandikana. Kuwerenga Chipwitikizi kunkamutengera nthawi, koma dzina lake ankalidziwa. Kuyambira pamene anabadwa, linali lisanalembedwepo pafupi ndi la munthu wina aliyense.

* * *

Mayi ake a Germano anafa mbali imodzi chaka chatha, ndipo lilime linawalemera. Flávia ndiye ankalawirira ku Metangula, Dailes kumsana, lichero la ufa pamutu, usipa wa mlongo wake m'jumbo. Akafika ankawasambitsa, kuwadzoza mafuta m'miyendo, kuchapa zofunda zimene ena ankazidutsa atagwira mphuno. Mwezi wonsewo anajomba Loweruka limodzi lokha, pamene anapita ku Lunho kwa azakhali ake kukatenga mbewu ya chinangwa, nagona komweko. Germano naye tsiku limenelo anati akupita ku Cóbuè kukaika masola a magetsi.

Tsiku lina akuyanika zofunda, anamva Adélia, mlongo wake wamkulu wa Germano, amene onse ankamutcha mana, akumuitana pakhonde. Anali ndi foni ya Germano m'manja.

"Alamu, tabwerani muone chithunzi chanu. Mwatuluka bwino bwanji!"

Pa foni panali chozungulira ngati chigumu chodula. Pafupifupi chonse chinali cha buluu. Kumbali kunali kachidutswa kofiira, kopyapyala ngati chikhadabo.

"Buluuyu ndi mlongo wanga. Kofiiraka ndinu. Sopo kamodzi, machesi kamodzi." Adélia anasuntha chala, panabwera chozungulira china. "Apa ndi pamene ndalama zake zikuthera. Chachikuluchi mukuchiwerenga? Criança. Mwana. Mankhwala a malungo, nsapato, mkaka. Mwana wa Vasco akudya kuposa mwini nyumba."

"Ufa umene mwadya m'mawa uja ndinasinja ndine, mana."

"Uli pati apa? Ndionetseni."

"Nkhuni, ndiwo, zofunda za amayi..."

"Ndati ndionetseni. Ine ndikalankhula mumati ndimadana nanu. Makinawa alibe m'bale, alibe mdani. Akuti munthu mmodzi akupalasa bwato, winayo wangokhala akuviika mapazi m'madzi."

M'nyumba, mayi aja anayesa kunena kanthu. Panatuluka mawu osamveka, ngati a munthu wolota. Adélia anakweza mawu ake kuwaphimba.

"Amjomba ndawauza. Akuti Lachisanu, asanapite kwa apadiri, afuna aone okha."

Pobwerera kwawo Flávia analembera Germano uthenga. *Foni yanu munawapatsiranji mana?*

*Anangoitenga. Usawamvere, ndi mmene alili.*

*Muwauze amjomba za ufa ndi nkhuni.*

*Ndiwauza amor.*

*Liti?*

Uthengawo unaonetsa kuti wawerengedwa. Yankho silinabwere.

* * *

Pamsika wa Metangula, pafupi ndi pamene shapa zimaima, Cátia ankagulitsa mtedza wokazinga. Anali mtsikana wa kwaya, wosalala khungu, amene Adélia ankamutcha mlamu kalekale Flávia asanaoneke. Mtedza wake ankaukulunga m'timapepala topinda ngati nyanga, totola m'masitolo ndi m'maofesi.

Dailes analirira mtedza. Flávia sankafuna kugula kwa Cátia, koma mwana sadziwa nkhondo za akulu. Atakhala pamthunzi, mtedza utatha, anatambasula kapepalako kuti apukutire mwanayo m'manja. Anaima. Kanali kakatali, koterera, ka manambala otsikira pansi.

Linali lisiti.

Analiyala pantchafu, nalijambula. Foni inaganiza pang'ono, kenako inalira kuti *ting*. Atatsegula chigumu chija, anaona kofiira kaja katanenepa pang'ono.

Anakumbukira zofunda zija, msana wake pamtondo, minga za kunkhuni. Kuba sikumeneku, anadziuza. Zimene ndinapereka ndinapereka ndithu, zinangopita zili maliseche. Ndikungoziveka pepala.

Anabwerera pa tebulo la Cátia.

"Mapepala ngati awa muli nawo ambiri?"

Cátia anamuyang'ana kuyambira kumapazi. "Mufuna muyambe geni ya mtedza? Mundilande makasitomala monga munandilandira zina?"

"Ndikufuna okolezera moto."

"Moto wa ku Nkholongue umayaka ndi malisiti okha? A mayeso a kusukulu sakuyaka?" Cátia anaseka, akusuzumira foni imene Flávia anaigwira, chigumu chili poyera. Nkhani za pakhonde la Adélia zinkafika ku kwaya tsiku lomwelo. Kuseka kuja kunazirala pang'onopang'ono, m'malo mwake munabwera ulemu wachilendo. "Pepani amayi a Dailes, ndimangocheza. Mubwere mawa. Ndikusankhirani abwino."

M'mawa mwake Cátia anamupatsa mpukutu womanga ndi mphira, nakana kulandira kanthu. "Akazi timathandizana," anatero.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Flávia mwambiwu ankaudziwa, koma tsiku limenelo sunamufike m'mutu.

* * *

Anawajambula onse atakhala pamphasa, limodzi pambuyo pa linzake. Ambiri anali ofufutika, zilembo zake zazing'ono ngati nyerere, ndipo sanadzivutitse kuwawerenga. Nanga si ntchito ya makina imeneyo? *Ting. Ting. Ting.* Dailes ankaomba m'manja foni ikalira. Kofiira kaja kanakula, kanakankha buluu, mpaka chigumu chinakhala ngati chagawidwa pakati.

Atatha, anasonkhanitsa mapepalawo nakolezera moto wophikira phala la mwana. Germano anati ukajambula, taya.

Uthenga unabwera madzulo ake. *Epa! Ndalama zonsezi wazitenga kuti?*

*Mumati ndilibe kanthu?*

*Ine sindinanene.*

*Simunakanenso.*

Anadikira kuti afunse zambiri. Akanafunsa, mwina akanamuuza zoona, n'kuseka limodzi. Koma Germano sanalembenso.

* * *

Lachisanu m'mawa, a Hezekiya anakhala pampando wandalema pakhonde, magalasi pamphuno, ndodo pakati pa miyendo. Anali munthu wofatsa, wowerenga mawu m'tchalitchi. Germano anakhala pa benchi ndi kapu ya tiyi. Flávia anakhala pamphasa, Dailes pamiyendo. Adélia anaima, foni m'manja, nkhope ikuwala ngati wapambana mpikisano.

"Amjomba, ndinkati alamu anga alibe kanthu. Ndinalakwa, ndikupepesa. Ndi olemera. Tamvani zimene agula mwezi uno." Anakonza kukhosi. "Matumba a simenti. Kaya akumanga kuti. Mowa, kreti yathunthu. Mafuta a dizilo. Amjomba, ndani amene timamudziwa amamwetsa galimoto dizilo?"

Dzina la Vasco linakhala pakati pawo popanda wolitchula.

"Chomaliza ndi ichi. Pensau, nyumba yogona alendo ya ku Lichinga. Chipinda cha anthu awiri, usiku umodzi. Nkhuku ziwiri zowotcha." Anatembenuza foni kuti onse aone. "Tsiku lake ndi Loweruka lija alamu anatitsanzika kuti akupita ku Lunho kukatenga mbewu ya chinangwa."

Kapu ya Germano inagwa. Tiyi anayenderera pansi mpaka kunyowetsa m'mphepete mwa mphasa.

"Bodza!" Flávia anadzimva akukuwa. "Ku Lichinga sindinapondeko chibadwire cha mwanayu. Kafunseni azakhali anga ku Lunho."

"Azakhali angatsutse mwana wawo?"

"Adélia, khala pansi," anatero a Hezekiya. Anatembenukira kwa Flávia. "Mwana wanga, pepala limeneli linalowa bwanji pa dzina lako? Makinawa amatola okha?"

Panalibe pothawira. Flávia anafotokoza zonse: kachikhadabo kofiira, ufa wopanda lisiti, mtedza wa Dailes, mpukutu wa Cátia. Polankhula ankayang'ana Germano, kudikira kuti aseke, anene kuti ndi zoona, mkaziyu ndimamudziwa. Germano ankayang'ana tiyi wotayika uja, thukuta likutsika m'khosi.

"Mapepalawo ali kuti?" anafunsa a Hezekiya.

"Ndinakolezera moto."

Adélia anaomba m'manja kamodzi. "Tiyeni timufunse mwini mtedza." Anaimba, naika kuti onse amve. Phokoso la msika linalowa pakhonde.

"Ine, mana? Malisiti?" mawu a Cátia anali ozizira ngati madzi a mumtsuko. "Ine ndimakulungira mapepala a mayeso. Amayi a Dailes anagula mtedza tsiku lina, basi. Kodi kwagwanji?"

Adélia anadula foni. M'nyumba mayi aja anayambanso kulimbana ndi lilime lawo, akumenya mphasa ndi dzanja lamoyo lija. Flávia anafuna kudzuka kuti akawatembenuze, poti nthawi yake inali itakwana, koma Adélia anatchinga pakhomo.

A Hezekiya anavula magalasi, napukuta m'maso. "Ndinakukonda, mwana iwe. Ndinaona mmene umasamalira mlongo wanga. Koma tandithandiza, kwa apadiri ndikanene chiti? Ngati pepalali ndi lako, wachita chigololo. Ngati si lako, wanamiza banja lonse dzuwa likuswa mtengo. Ndipite ndi chiti?"

"A Germano," anatero Flávia. "Nenanipo kanthu."

"Amjomba ndiwo akulu," anatero Germano.

"Mawa masana ndimayenera kuonana ndi apadiri," anatero a Hezekiya akudzuka ndi ndodo yawo. "Ngati choona sichituluka, sindipita. Mulungu sindingamunamize."

* * *

Flávia anabereka mwana, natenga lichero lake lopanda kanthu. Sanalire m'tauni. Pamsika anadutsa mbali ina. Atafika pachitunda pamene njira imayamba kutsetserekera ku Nkholongue, anaima. Anakhala pamwala, Dailes ali mtulo kumsana.

Anatulutsa foni. Ankafuna aone ndi maso ake pepala limene lamuphera ukwati. Anatsika mndandanda mpaka analipeza, nalidina. Chithunzi chinatseguka: lisiti lofufutika, pansi pake chitenje chake chomwe, cha maluwa achikasu. Kumunsi kwa chithunzicho kunali mawu amene sanawaonepo, chifukwa chijambulireni anali asanatsegule lisiti ngakhale limodzi.

Anawawerenga ndi chala, chilembo ndi chilembo, monga ankachitira kusukulu. Anabwereza kachiwiri kuopa kuti Chipwitikizi chamupusitsa. Sichinamupusitse. Makina aja ankanena kuti lisiti limeneli likufanana ndi ndalama zimene Germano analipira pa foni yake, tsiku lomwelo, pamalo omwewo. Ankafunsa ngati aziphatikize. Pansi panali mabatani awiri, *Sim* ndi *Não*, inde ndi ayi.

Anakumbukira kapu ija ikugwa. Anakumbukira Cátia akuti ndikusankhirani abwino.

Anaimba. Inaitana nthawi yaitali.

"Halo."

"A Germano, foni ikundifunsa funso."

"Funso lanji?"

"Ikuti chipinda cha ku Lichinga munalipira ndinu. Ikuti ndivomere kapena ndikane."

Kunamveka mapazi, chitseko, kenako nkhuku za kuseri kwa nyumba. Atalankhulanso, ankanong'ona.

"Usadine kanthu."

"Ku Cóbuè kuja kunali ku Lichinga. Munali ndi Cátia."

"Zinachitika kamodzi, Flávia. Anandikakamira. Zinatha tsiku lomwelo, n'chifukwa chake wapanga zimenezi."

"Munakhala pabenchi paja mukudziwa. Mana akunditcha hule, inu mukuyang'ana tiyi."

"Ndikanatani? Pamaso pa amjomba? Amayi atamva akhoza kufa."

"Amayi anu ndimawasambitsa ndine. Chimene chingawaphe ndikuchidziwa kuposa inu."

"Tamvera, amor, njira ilipo." Mawu ake anafewa, anakhala aja ankamunyengerera nawo pansi pa mtengo wa mango chibwenzi chikuyamba. "Mawa ulawire. Ugwade kwa amjomba, unene kuti Vasco anakunyenga, unagwa, ukulapa. Ine ndiimirira, ndinene kuti ndakukhululukira. Amjomba ndi munthu wa Mulungu, wolapa samubweza. Masana apita kwa apadiri, Lamulungu dzina lako limveka m'tchalitchi."

Flávia anamva ngati mwala umene anakhalapo ukumira.

"Ndilape tchimo lanu."

"Ndi mawu chabe. Iwe uli kale ndi mwana, anthu sadabwa, mwezi umodzi aiwala. Ine ndine wa ku mishoni. Zikamveka za ine, amjomba sadzatulukanso panja."

"Ndikakana?"

"Ukakana ubwerera kuti? Kwa mlongo wako, kumene mkazi wake amakuwerengera nthongo? Nanga Dailes? Taganiza za mwana."

Anachotsa foni kukhutu. Chala chake chinadziwa pamene chikupita. Akadina *Sim*, dzina la Germano likakhala pa lisitilo, Adélia akaliwerenga yekha ndi pakamwa pake pomwepo. Ukwati ukafa ndithu, koma iye akayenda pamsika mutu uli m'mwamba.

Anabwerera pa apu ija. Mabatani aja panalibe. Chithunzi cha chitenje chachikasu panalibe. Chigumu chonse chinali chitafufutika, kwatsala chozungulira chopanda kanthu ndi mzere umodzi waufupi, wosavuta kuwerenga ngakhale kwa wosiyira sukulu panjira: Germano wakuchotsani mu Casa.

Anamuchotsa akulankhula naye. Dzanja limodzi linkamutcha amor, linalo likutseka chitseko.

"Flávia? Ulipo?" kamawu kankatuluka m'foni. "Ndangoteteza tonse awiri. Ukatha kulankhula ndi amjomba ndikubwezeramo. Ubwera mawa?"

Kumsana kunagwedezeka. Dailes anali atadzuka, ndipo mawu amenewo ankawadziwa ngakhale ali kutali chotani. Anasuzumira paphewa pa mayi ake, natambasula kadzanja.

"Papa! Papa, mawa tibwera!"

"Wamva?" anatero Germano. "Mwana wayankha kale."

Flávia anagwira kadzanja kaja, nakabweza pang'onopang'ono m'mbereko. Sananene kuti inde. Koma foni sanaidule.